Malonda a M'lamya Afuna Manja Ambiri, Koma Mwini Akhale Mmodzi

Wolemba Mtolankhani Wathu

Masiku ano munthu wokhala mu Lusaka angathe kugula thumba la nshawa za ku Katete osakwera basi, osaona nkhope ya wogulitsa, ndiponso osagwira ndalama m'manja. Aona cithunzi m'lamya yake, alemba uthenga wofunsa mtengo, atumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo m'mawa mwake apita ku Intercity kukalandira katundu wake kwa kondakitala. Malonda otere, amene agogo athu akadawayesa nthano, afika ndithu m'midzi yathu ya Cigawo ca Kum'mawa. Anyamata ndi amai ambiri awayamba ndi cimwemwe, koma owerengeka okha ndiwo awakulitsa. Ena alema pa miyezi itatu, ena atha ndalama zao pogula mabandulo a intaneti popanda kupeza wogula ngakhale mmodzi, ndipo ena alandidwa malonda ao ndi anthu amene iwo eni anawaitana kuti adzawathandize.

Pa nchito yanga ya utolankhani ndayenda mu Nyimba, Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndipo paliponse ndakhala pansi ndi anthu ocita malonda awa. Koma zambiri zimene ndidziwa pa nkhani iyi ndaziphunzira pakhomo pa alongo anga aakulu, amene akhala m'mudzi wina kufupi ndi mseu wa Great East Road. Iwo ndi mai wamasiye wa ana anai, ndipo cuma cao conse ndi munda wa nshawa za Chalimbana, zija zikulu-zikulu zimene zinachukitsa cigawo cathu. Kale anali kugulitsa kwa ogula oyendayenda a masikelo, amene amafika m'mudzi pa nthawi yokolola, mlimi alibe ndi ngwee yomwe, nachula mtengo umene afuna iwo. Tsopano alongo anga agulitsa okha kwa anthu a m'tauni, ndipo feteleza, mayunifomu a ana ndi malata a nyumba zacokera m'malonda amenewa. Zimene ndaona pakhomo pao zandiphunzitsa kuti malonda a pa intaneti akhala pa mafuwa atatu monga mphika: njira imene ogula afikira pakhomo, nthawi ya mwini malonda, ndi manja a omthandiza. Fuwa limodzi likagwedezeka, ndiwo zonse zitayikira pamoto.

NJIRA YOFIKA PAKHOMO

Intaneti inafika m'dziko lathu mu 1994, pamene kampani ya ZAMNET inayamba nchito yake pa Yunivesite ya Zambia mu Lusaka. Pa nthawi ija cinali cinthu ca aphunzitsi aakulu ndi maofesi owerengeka. Patapita zaka zinai, mu 1998, anyamata awiri ophunzira ku Stanford m'dziko la America, Larry Page ndi Sergey Brin, anayambitsa Google, makina ofunira zinthu pa intaneti. Nzeru yao siibvuta kuimva ngakhale kwa munthu wa kumudzi. Makina ao amayendera masamba a pa intaneti usiku ndi usana, nasunga mau opezeka pa tsamba liri lonse. Munthu akafunsa kanthu, makinawo aika patsogolo tsamba limene liri ndi mau amene wafunsa, ndiponso limene masamba ena ambiri odalirika amalilozera. Ndi monga mlendo wofika m'mudzi nafunsa kumene kukhala wosula makasu. Akafunsa anthu khumi, asanu ndi atatu nalozera nyumba imodzi, iye apita komweko osakayika.

Tsono ogula ali a mitundu iwiri, ndipo wamalonda ayenera kuwasiyanitsa. Basi ikaima pa Luangwa Bridge, apaulendo amaona madengu ndi nsomba zouma. Ena agula cifukwa maso aona, koma ambiri angoyang'ana nabwerera m'basi. Awa afanana ndi anthu ongopenya zithunzi pa Facebook potaya nthawi. Koma alipo wina amene wanyamuka kunyumba ndalama ziri m'thumba, nalowa mu Soweto Market kufunsa kuti, "Kodi nshawa za ku Chipata zipezeka pati?" Uyu ndiye afanana ndi munthu amene alemba mau m'malo ofunira zinthu a Google kapena a Facebook. Iye safuna kunyengereredwa ai, pakuti njala ya cinthuco ali nayo kale. Wamalonda wanzeru alimbikira kuti munthu wotere ampeze, cifukwa mmodzi wa iwo aposa khamu la openya cabe.

Nanga ampeza bwanji? Makina sadziwa kukoma kwa nshawa, adziwa mau okha. Pamene alongo anga anayamba, anali kuika cithunzi ca thumba pamodzi ndi mau akuti, "Zabwino zafika, fulumirani abale." Ndi mau aulemu ndithu, koma palibe munthu amene amalowa mumsika kufuna cinthu cochedwa "zabwino". Mwana wao woyamba, amene anatsiriza Grade 12, anawalangiza kuti alembe monga momwe wogula afunsira: dzina la mbeu, malo kumene yacokera, kulemera kwa thumba, mtengo wake, ndi tsiku limene katundu anyamuka. Analemba m'Cinyanja ndi m'Cizungu momwe, cifukwa wogula wa ku Kitwe kapena ku Livingstone alemba mau akuti "groundnuts", osati nshawa. Analembetsanso kantemba kao ka pamseu pa Google Maps, nchito imene siilira ndalama. Patapita masabata angapo, mauthenga anayamba kufika kucokera kwa anthu amene sanawaonepo cibadwire.

Mau oyenera abweretsa munthu kamodzi, koma cimene cimbweza kaciwiri ndi coonadi. Cithunzi cikhale ca katundu amene ali m'nyumba mwanu, osati cotola kwina. Thumba limene mwati ndi la makilogalamu 25 likafike pa sikelo ya wogula liri 25. Wogula wokondwa akalemba mau oyamikira pa tsamba lanu, kapena akauza anzake a ku chalichi, aponda njira yofika pakhomo panu, ndipo makina nao amaona mayamikiro otere. Njira ya ku citsime siipangidwa ndi munthu mmodzi tsiku limodzi. Aipanga ndi mapazi ambiri opita ndi kubwera. Cifukwa cake cenjerani ndi anthu olonjeza kuti mukawalipira adzakuikani pamwamba pa Google m'sabata imodzi, kapena kuti adzakugulirani otsatira zikwi-zikwi. Mu 2012 Google inasintha makina ake kuti alange masamba amene anadzikweza ndi malozero ogula, ndipo amalonda ambiri a m'maiko akutali anadzuka m'mawa napeza kuti atsikira kumbuyo kumene wogula safika. Kulipira cilengezo poyera ndi nkhani ina, ndipo kuli kololedwa. Koma cilengezo ciri ngati moto wa mapesi: ndalama zikatha, nawonso uzima.

Pali cinthu cina cimene ndifuna kuti makolo acimvetse bwino. Msika uwu suli wathu. Eni ake akhala kutsidya kwa nyanja, ndipo asuntha mipata ya msika monga afunira, osafunsa mlimi wa ku Katete. Mu January 2018 Facebook inalengeza kuti idzaonetsa anthu nkhani za abale ndi mabwenzi ao koposa za amalonda. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupi-fupi 6, ndipo ali yense amene malonda ake anali m'menemo mokha anakhala manja lende. Kuyambira mu 2024 Google inayamba kuika pamwamba mayankho olembedwa ndi makina, kotero kuti ofunsa ena awerenga yankho pomwepo osalowa pa tsamba la munthu. Pa cifukwa ici alongo anga asunga kabuku ka cikuto cofiira, m'mene alemba dzina la wogula ali yense, tauni yake, nambala yake, cimene anagula ndi tsiku lake. Nshawa zatsopano zikauma, oyamba kuuzidwa ndi a m'kabukuko. Wogula amene wadza ndi Google ndi wobwereka. Akhala wanu pamene mwamlemba m'kabuku ndipo wabweranso yekha.

NTHAWI YA MWINI MALONDA

Fuwa laciwiri ndi nthawi. Lamya iribe ulemu. Imalira munthu ali m'munda, ali pa mtondo, ngakhale ali pa maliro. Ambiri mwa anthu ofunsa kuti "Zingati?" sagula kanthu, ndipo ena afunsa lero cimene anafunsa dzulo. Ndaona amai akusiya ndiwo kupserera pamoto, ndi abambo akuimika ng'ombe pakati pa mzere, kuti ayankhe munthu amene angoceza. Dzuwa likalowa iwo atopa ngati agwira nchito yaikulu, koma munda sunapaliridwe ndipo thumba la wogula weni-weni silinasokedwe. Munthu angathe kutanganidwa kuyambira m'banda kuca mpaka usiku, nagona wopanda phindu.

Mlimi adziwa kale mankhwala a matenda awa. Palibe amene amapuma m'mamawa ndi kuyamba kulima dzuwa liri paliwombo. Nchito yolemera ipatsidwa maola a mphamvu, ndipo yopepuka ilindira mthunzi. Alongo anga anadziikira lamulo lotere: mauthenga ayankhidwa katatu pa tsiku, m'mawa asanapite kumunda, masana popuma, ndi madzulo ana atadya. Zithunzi zijambulidwa tsiku limodzi pa sabata, m'mawa pamene kuwala kuli bwino. Katundu atumizidwa Laciwiri ndi Lacisanu cabe, ndipo ogula onse auzidwiratu zimenezi. Poyamba anaopa kuti ogula adzathawira kwina. Sanathawe ai, pakuti munthu alemekeza wamalonda amene ali ndi tsiku lodziwika koposa uja wolonjeza "lero lomwe" nalephera. Ndiponso ulendo umodzi wa ngolo kupita kumseu unyamula matumba a ogula asanu, amene kale anali kudya maulendo asanu.

Zida zothandiza ziripo, ndipo zina nzaulere. WhatsApp Business, imene inaturuka mu 2018, ilola munthu kuika ndandanda ya katundu wake ndi mitengo, ndiponso kusunga mayankho okonzeratu a mafunso amene amabwera tsiku ndi tsiku. Funso limene mwaliyankha kakhumi liyenera kulembedwa kamodzi ndi kusungidwa. Kugawa nthawi kuthandizanso pa bvuto la magetsi. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu ambiri anasowa poika lamya pamoto. Wamalonda amene anazolowera kutsegula lamya pa nthawi zoikika anapitiriza nchito ndi kasola kake kakang'ono, pamene wina woigwira tsiku lonse anali kuzimiridwa masana.

Langizo limene ndipereka kwa ali yense wondifunsa ndi ili: kwa sabata imodzi lembani nchito zonse zimene mucita ndi maola amene iri yonse idya. Mudzadabwa. Tiyerekeze cabe kuti mai atha maola 10 pa sabata akuswa nshawa, nchito imene mnansi wake angaigwire pa K100. Tiyerekezenso kuti m'maola 10 omwewo akadakambirana ndi ogula akale, nagulitsa matumba ena awiri a phindu la K150 liri lonse. Mai uyu aganiza kuti wasunga K100, koma kunena zoona wataya K200. Manambala anu adzasiyana ndi awa, koma masamu ake ndi omwewo. Ambiri a ife timawerenga ndalama zoturuka m'thumba, osawerenga zimene zalephera kulowa cifukwa manja athu anali otanganidwa ndi nchito ya mtengo wocepa.

MANJA A OTHANDIZA

Apa ndipo tifika pa fuwa lacitatu. Kupatsa ena nchito si nzeru yacilendo kwa ife. Makolo athu anali ndi dima: mwini munda aphika mowa kapena thobwa, anansi abwera ndi makasu ao, ndipo munda umene ukadadya masabata awiri utha tsiku limodzi. Ganyu nayo tiidziwa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Azungu nao anaciona cinthu comweci. Mu 1776 katswiri wa zacuma wa ku Scotland, Adam Smith, anafotokoza m'buku lake lochedwa The Wealth of Nations za fakitale ya mapini m'mene anthu 10, atagawana nchito, anali kupanga mapini 48,000 pa tsiku, pamene munthu mmodzi payekha sakadafika ngakhale pa 20. Masiku ano makampani a ku America ndi ku Britain apatsa anthu a ku India ndi ku Philippines nchito yoyankha malamya a ogula ao. Pa misika ya nchito ya pa intaneti, monga Upwork ndi Fiverr, munthu angathe kulemba wojambula kapena wolemba wa dziko lina kuti amgwirire nchito ya tsiku limodzi.

Ife a kumudzi sitifunika kupita kutali kotero, pakuti manja ali pafupi. Pakhomo pa alongo anga nchito yagawidwa motere. Amai awiri a m'mudzi aswa nshawa ndi kupeta, nalipidwa pa debe. Mwana uja wa Grade 12 ajambula zithunzi, alemba mau a m'Cizungu, ndipo ayankha mafunso oyamba. Abambo ena a ngolo anyamula matumba kupita kumseu Laciwiri ndi Lacisanu. Basi ipereka katundu ku Lusaka, ndipo kumeneko msuweni wao alandira za ogula amene sangathe kufika ku Intercity m'mamawa, nalandira kanthu pa thumba liri lonse. Malonda amene anayamba ndi munthu mmodzi tsopano aika mcere ndi sopo m'nyumba zisanu.

Nchito yoyamba kuipereka ndi imene ibwerezedwa tsiku ndi tsiku mosasintha, imene mungathe kuifotokoza m'mau owerengeka, kapena imene wina aidziwa bwino koposa inu. Koma kupereka nchito kuli ndi mwambo wake. Muyambe mwaigwira nokha, cifukwa munthu sangaweruze nchito imene saidziwa. Kenaka muigwire pamodzi ndi wothandizayo kawiri kapena katatu, iye akuona. Zimene mufuna zilembedwe pa pepala: thumba lisokedwa motere, dzina la wogula lilembedwa apa, wofunsa ngongole ayankhidwa mwakuti. Mumuyese ndi nchito yaing'ono musanampatse yaikulu. Malipiro mugwirizane nchito isanayambe, ndipo muwapereke pa tsiku lake osacedwa. Ndinena izi molimbika pa za ana a m'nyumba ndi abale. Ambiri a ife tiganiza kuti mwana wa mlongo safunika malipiro cifukwa adya nsima pakhomo. Nchito yopanda malipiro ikhala ngongole ya mumtima, ndipo tsiku lina idzafunsidwa ndi mkwiyo. Ndiponso mwana wa sukulu, makamaka mtsikana, asasiyitsidwe maphunziro cifukwa ca lamya ya amai ake.

ZIMENE SIZIPEREKEDWA

Pa dima anansi anali kulima munda wonse, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anali kulowa m'nkhokwe, ndipo mbeu ya caka camawa anali kuisankha mwini. Malonda a m'lamya nao ali ndi zinthu zitatu zimene sizicoka m'manja mwa mwini. Coyamba ndi kusankha katundu. Nshawa zosauma bwino zigwidwa ndi cuku, ndipo cukuco cibala poizoni wochedwa aflatoxin amene aononga ciwindi ca munthu. Thumba limodzi loipa lingathe kupha dzina limene lamangidwa zaka zitatu. Cifukwa cake palibe thumba lisokedwa pakhomo pa alongo anga iwo asanakhale pa mphasa ndi licero, kuyang'ana ndi kulawa. Caciwiri ndi mtengo ndi malonjezo. Wothandiza angathe kuuza wogula mtengo wolembedwa, koma kutsitsa mtengo, kukongoza, kapena kupepesa wogula wodandaula, ndi mau a mwini. Cacitatu ndi makiyi: simu ya malonda, nambala yacinsinsi ya ndalama, ndi mau acinsinsi otsegulira tsamba.

Pa cacitatu ici ndaona misozi. M'boma lina la cigawo cathu ndinakumana ndi abambo ena acikulire ogulitsa uci. Tsamba la malonda ao pa Facebook anawatsegulira mphwao, ndipo popeza iwo sanali kuzidziwa, mnyamatayo analitsegula ndi nambala ya lamya yake. Zaka ziwiri malonda anayenda bwino, ndipo uci unali kufika mpaka ku Copperbelt. Tsiku lina anakangana pa za malipiro. Mnyamata anasonkhanitsa zobvala zake napita ku Lusaka, ndipo tsamba, ogula ndi manambala ao zonse zinapita naye m'thumba. Anasintha dzina la tsamba nayamba kugulitsa uci wa anthu ena kwa ogula omwe aja. Malume ake anatsala ndi ming'oma yodzala ndi uci, opanda dzina la wogula ngakhale limodzi, pakuti analibe kabuku.

Mlandu unafika pa bwalo la a mfumu, koma unali wobvuta kuugamula. Panalibe pepala liri lonse la cipangano, ndipo tsamba linali m'dzina la mnyamata. Pamene ndinawafunsa kuti, "Kodi a malume, mwana uja munali kumlipira zingati?" anakhala cete kanthawi, nayankha kuti, "Mwanawe, anali wa m'nyumba." Mnyamata analakwa kutenga cimene sanaweta, koma nayenso anagwira nchito zaka ziwiri opanda ngwee. Onse awiri anataya: mkulu anataya msika, mwana anataya kwao. Pepala limodzi ndi malipiro a pa mwezi zikadasunga malonda ndi cibale comwe.

Cotero tsamba la malonda litsegulidwe ndi simu yolembedwa pa kadi ya NRC ya mwini malonda. Facebook ilola mwini tsamba kuika munthu wina monga wothandiza, ndi kumcotsa akafuna, popanda kumuuza mau acinsinsi. Nambala yacinsinsi ya Airtel Money kapena MTN isauzidwe munthu, ngakhale wina aimbe lamya nadzicha wanchito wa kampani, pakuti akuba ambiri alowera pa khomo limenelo. Makolo amene sadziwa kuwerenga asacite manyazi: manambala owerengeka angathe kuphunziridwa pa sabata imodzi, ndipo ndi bwino kucedwa potumiza ndalama kusiyana ndi kupereka cikwama kwa wina. Cipangano ndi wothandiza cilembedwe pamaso pa mboni, kaya a nyakwawa kaya mkulu wa chalichi. Malonda akakula, dzina lake lilembetsedwe ku PACRA kuti wina asalitenge. Mukumbukirenso kuti manambala a ogula anu anakupatsani pokukhulupirirani. Dziko lathu liri ndi lamulo la Data Protection Act la mu 2021 loteteza mbiri za anthu, ndipo kabuku ka ogula si kobwereketsa kwa ali yense wofuna kulengeza zake.

Ena adzati zonsezi nzambiri kwa munthu wogulitsa matumba owerengeka. Ine ndiyankha kuti mwambo wabwino uyamba malonda akali ang'ono, monga mtengo uwongoledwa ukali nthete. Wamalonda amene sanalembe ogula khumi sadzalemba zana, ndipo amene sanalipire wothandiza mmodzi mokhulupirika sadzasunga asanu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Sindinena kuti lamya idzacotsa mabvuto onse a mlimi. Mvula ikakana, palibe cogulitsa. Mseu ukaonongeka, ngolo siifika. Netiweki m'midzi ina ifuna kuti munthu akwere pa culu. Koma pamene mbeu iripo, mlimi tsopano ali ndi njira yofikira wodya osadzera kwa mwini sikelo, ndipo cimeneci makolo athu analibe.

Cimene cindikondweretsa koposa ndi malo amene malonda awa apatsa acinyamata athu. Caka ndi caka anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu akwera basi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata, kukafuna nchito imene ambiri saipeza. Koma luso limene ali nalo m'zala, la kulemba, kujambula ndi kuwerengera, ndi limene makolo ao asowa pakhomo. Mkulu adziwa mbeu ndipo ali ndi dzina labwino, mwana adziwa makina. Akagwirizana mwacilungamo, wina osadyera mnzake masuku pamutu, mudzi upindula kawiri: mbeu igulidwa pa mtengo wabwino, ndipo mwana akhala kwao.

Conco, inu a m'midzi amene mwayamba malonda awa kapena muganiza zowayamba, khalani pansi ndi banja lanu zokolola zisanalowe m'matumba. Lembani katundu wanu m'mau amene wogula afunsira. Gulani kabuku ka ogula. Ikani maola a lamya ndi masiku otumiza katundu. Chulani nchito zimene mudzapereka kwa ena, amene adzazigwira, ndi malipiro ao. Pomariza, funsani funso limodzi pamaso pa onse: kodi simu, tsamba ndi nambala yacinsinsi ziri m'dzina la yani? Ngati yankho siliri dzina la mwini malonda, konzani cimeneco coyamba, thumba loyamba lisanakwere basi.